KALULU AKADAPITA KU MIGODI, AKADALEMBEDWA NCHITO YANJI?

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Palibe munthu wokulira kumudzi amene sadziwa Kalulu. Madzulo, anthu atatha kudya nsima, ana amasonkhana pamoto, agogo nayamba kuti, "Panangokhala," ndipo ana onse amayankha pamodzi, "Tiri tonse." Pamenepo m'bwalo mumalowa Kalulu, Fisi, Njobvu, Kamba ndi Birimankhwe, ali yense ndi makhalidwe ace. Ana aja anakula, ambiri a iwo nakwera sitima ndi malole kunka ku Kitwe, ku Luanshya, ku Mufulira, ku Chingola ndi ku Kabwe kukafuna nchito. Makasu anawasiya kwao, koma nthano anapita nazo, pakuti nthano siilipira tikiti pa sitima.

Tsono funso ndi ili: nyama zija za m'nthano zikadatsika sitima pa Kitwe tsiku lina m'mawa, ndi kukaima pa mzere pa ofesi yolembera anthu nchito, kodi kalaliki akadapatsa yani nchito yanji? Funsoli limveka ngati loseketsa cabe, koma liri ndi mutu. Makolo popeka nthano sanali kuphunzitsa za nyama iai, anali kunena za anthu. Ndipo pa mgodi, kuika munthu pa nchito yosamuyenera si cinthu coseka naco, cifukwa pansi pa nthaka kulakwa kwa munthu mmodzi kumasiya ana amasiye m'nyumba zambiri.

Nyama za m'chire si alendo ku migodi. Anthu amasimba kuti mgodi wa ku Luanshya unachedwa Roan Antelope cifukwa m'caka ca 1902 William Collier anaombera nyama ya dzina limenelo, ndipo pamalo pamene inagwera panaoneka mwala wobiriwira wa mkuwa. Dzina la Chililabombwe nalonso linena za kulira kwa acule. Cotero nyama za m'nthano zikhoza kulandiridwa bwino, ndi kuonedwa imodzi imodzi.

NJOBVU

Woyamba pa mzere akadakhala Njobvu, pakuti palibe amene akadalimba mtima kumuuza kuti abwerere kumbuyo. Kalaliki sakadataya nthawi ndi mafunso. Akadangoyang'ana mapewa ace, nalemba kuti: malaisha.

M'masiku oyamba, pamene Roan Antelope unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1931, Nkana mu 1932 ndi Mufulira mu 1933, munthu watsopano kawiri kawiri amayambira pa fosholo. Miyala itaphulitsidwa ndi wonga, amalaisha ankalowa kukaitapa ndi kuithira m'ngolo kufikira shifiti itatha. Mwalawo ngwolemera, koma mkuwa wace ngwocepa: mwa makilogalamu 100 a mwala mumaturuka mkuwa wa makilogalamu awiri, atatu kapena anai okha. Kuti papezeke mkuwa wokwanira kudzaza sitima, payenera kusunthidwa phiri. Pa nchito yotere Njobvu akadayamikidwa ndi akapitao onse.

Koma m'nthano Njobvu ali ndi cilema cimodzi. Amakhulupirira ukuru wa thupi lace, ndipo sakonda kufunsa kanthu kwa nyama zazing'ono. Cifukwa cace amapusitsidwa nthawi ndi nthawi, monga mwambi unena kuti safunsa anadya phula. Mbiri ya migodi isonyeza kuti munthu wokhala ndi mphamvu zokha alibe pothawira tsiku la bvuto. M'caka ca 1930 Aafirika ogwira nchito pa migodi ya mkuwa anali pafupi 30,000. Mtengo wa mkuwa utagwa pa dziko lonse lapansi, migodi ina inatsekedwa, ndipo pofika kumapeto kwa 1932 otsala sanakwane 7,000. Pambuyo pace panabwera makina. Lero makina amodzi amatapa kamodzi kokha miyala imene gulu la amuna likadalimbana nayo nthawi yaitali.

Cotero uphungu kwa Njobvu ndi uwu: ayambe ndi fosholo ngati palibe njira yina, koma asakalambire pomwepo. Adzicepetse, afunse, aphunzire kuwerenga ndi kuyendetsa makina akuru okumba, monga aja a pa mgodi wapamtunda wa Nchanga ku Chingola. Mkono wa makinawo ufanana ndi citamba cace, ndipo palibe wina amene angaudziwe msanga koposa iye.

FISI

Waciwiri ndi Fisi, ndipo kalaliki akadayamba kukanda mutu. Mbiri ya Fisi inamveka kale. Iyeyu ndiye uja anaitanidwa ku maphwando awiri tsiku limodzi. Atafika pa mphambano anamva pfungo la nyama kumanja ndi kumanzere komwe, ndipo posafuna kutaya phwando liri lonse, anaponda njira iyi ndi miyendo iwiri, njira iyo ndi miyendo iwiri, nayenda cotero kufikira anang'ambika pakati.

Mosakaika Fisi akadapempha yekha nchito, nati, "Bambo, ine tulo ndiribe. Ndilembeni umlonda wa pa bucala." Kalaliki wanzeru akadakana mwaulemu. Kuika munthu wadyera pa malo a nyama ndiko kumchera msampha, ndipo tsiku logwidwa mlandu sukhala wa iye yekha, koma wa womlembayo ndithu.

Komabe Fisi si wacabe. Ali ndi mphatso ziwiri: nsagwada zophwanya mafupa amene nyama zina zonse zimawalephera, ndi cizolowezi coyenda usiku. Pa mgodi pali malo ofuna zonse ziwiri, ndiwo makina ophwanya miyala. Mwala ukaturuka m'shafuti umaponyedwa m'kamwa mwa makina a nsagwada zacitsulo, amene amautafuna kufikira utasanduka timiyala. Ucoka apo nupita ku cigayo kumene usanduka ufa. Ufawo uthiridwa m'matanki a madzi ndi mankhwala, m'mene mkuwa umakwera pamwamba pamodzi ndi thobvu, mcenga wacabe nutsala pansi. Thobvulo likaphwa lipita ku ng'anjo kukasungunulidwa. Makina amenewa sagona, ndipo woyang'anira pa shifiti ya usiku ayenera kukhala wamaso. Fisi akadakhoza bwino nchitoyi, pakuti palibe ca kudya pamenepo comsokoneza mtima.

Tsiku loopsa kwa Fisi si tsiku la nchito, koma tsiku la malipiro. Poturuka pa cipata ndi ndalama m'thumba, apezanso mphambano ija: njira yina ipita kunyumba kumene ana alindira ufa ndi ndalama za sukulu, yina ipita ku mowa. Enanso mphambano yao ndi ya mabanja awiri, lina kumudzi, lina m'tauni, malipiro ali amodzi. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa. Fisi ang'ambika kawiri kawiri m'makomboni, ndipo ong'ambika naye pamodzi ndi akazi ndi ana amene sanalaweko nyama ya phwando liri lonse.

BIRIMANKHWE NDI BULUZI

Awiriwa akadafika alikukangana, pakuti mlandu wao ngwakale. Makolo amati paciyambi Cauta anatuma Birimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Birimankhwe ananyamuka ndi kayendedwe kace kaja, mwendo kutsogolo, mwendo kumbuyo. Buluzi anampitirira panjira, nafika msanga, nauza anthu kuti akafa afereratu. Pamene Birimankhwe anafika, anthu anali atalandira kale mau oyamba. Mmodzi anali ndi uthenga wabwino koma anacedwa nao. Mnzace anali ndi liwiro koma ananyamula imfa.

Onse awiri akadapempha nchito ya mthenga, kapena ija yoomba belu pa shafuti, imene iuza woyendetsa makina kuti akweze keji, aitsitse, kapena aiimitse. Birimankhwe sayenera kupatsidwa nchito imeneyi, cifukwa belu locedwa lifanana ndi belu losaombedwa. Koma pali nchito yina imene anabadwira. Maso ace amayenda liri lonse palokha, lina kuyang'ana kumwamba, lina kumbali, ndipo saponda pa nthambi asanaiyese.

Miyala ikaphulitsidwa pansi, anthu saloledwa kuthamangirako. Poyamba alindira kuti utsi wa wonga uturuke, pakuti utsiwo umapha. Kenaka athira madzi kuti pfumbi ligone, cifukwa pfumbi la mwala likalowa m'mapapo caka ndi caka limabala nthenda ya silikosisi, imene iribe mankhwala oiciza. Atatero, munthu wodziwa ayenda patsogolo ndi citsulo cacitali, nagogoda denga. Mwala wolimba umalira bwino ngati belu. Mwala wolekana ndi unzace umalira ngati mbiya yong'aluka. Umenewo ayenera kuugwetsa dala, kapena kuucirikiza, anthu asanalowe pansi pace. Nchito iyi siifuna wothamanga. Ifuna munthu amene anzace angamnyoze kuti acedwetsa shifiti, iye osasuntha mtima. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ameneyo ndiye Birimankhwe.

Koma cimene Birimankhwe waona ciyenera kufika msanga kwa akuru, ndipo apa mpamene Buluzi apeza malo ace. Wina aone, wina athamange, ndipo wothamangayo anene zokhazo zimene wauzidwa, osaonjeza zace. Akuru naonso ayenera kumva. Anthu a ku Mufulira saiwala tsiku la 25 September, 1970, pamene matope a zotsalira za mgodi, amene anali kuthiridwa pamtunda, anaboola nthaka usiku nalowa m'mgodi, napha amuna 89. Zizindikiro zinalipo ngoziyo isanagwe, pakuti nthaka ya pamalopo inali itayamba kale kutitimira, koma kuopsa kwace sikunazindikiridwe nthawi ikadalipo. Zengerezu analinda kwaukwau. Uthenga wa moyo ukacedwa, imfa imafika poyamba, monga momwe nthano inanenera.

NKHUKU NDI KABAWI

Si onse otsika sitima amene alowa m'mgodi. Tauni imakhala ndi moyo cifukwa ca msika, ndipo kumeneko nkumene Mai Nkhuku akadapita. Palibe wina wodziwa kudzuka mbandakuca ndi kupalasa tsiku lonse cifukwa ca ana koposa iwo. Akadapeza kamalo pa msika wa Chisokone ku Kitwe, nayala tomato, kapenta ndi ndiwo zamasamba, ndipo ndi tindalama ta tsiku ndi tsiku akadaphunzitsa anapiye onse sukulu, monga acitira amai ambiri m'matauni.

Koma Mai Nkhuku ali ndi bwenzi loopsa. Nthano imati kale Nkhuku ndi Kabawi anali kukondana. Tsiku lina Nkhuku inabwereka singano kwa Kabawi, niitaya m'pfumbi. Kabawi anati, "Mai, kufikira mutapeza singano yanga, ndidzatenga mwana wanu mmodzi mmodzi." Ndico cifukwa cace nkhuku imapalasa pansi mpaka lero, ndipo kabawi amazungulira pamwamba.

Kabawi sakadaima pa mzere wa nchito konse. Akadakhala pa mthunzi pafupi ndi cipata, nayamba kukongoza ndalama za kaloba. Masamu ace ngosabvuta. Munthu akakongola K100 pa pangano lakuti abweze K150 pakutha pa mwezi, nalephera, wokongozayo awerengera phindu lace pa K150 ija, ndipo mwezi waciwiri ngongole ifika K225. Mwezi wacitatu ipitirira K337. Singano inali imodzi, koma anapiye atha onse: wailesi ipita, njinga ipita, mwana aleka sukulu. Amai ambiri a pamsika anapeza njira yina, ndiyo cilimba, pamene anthu odziwana amasonkha ndalama ndi kupatsana mosinthana, wina mwezi uno, wina mwezi wa mawa. Nkhuku zikabwerekana singano zokha zokha, Kabawi amagona ndi njala.

KAMBA

Kumbuyo kwa onse, wosakankha munthu, kukadakhala Kamba, amene ena amamucha Fulu. Kalaliki wopupuluma akadamuuza kuti nchito zatha. Pamenepo mgodi ukadataya wanchito woposa onse.

Nthano ya citsime idziwika konse konse. M'caka ca cirala nyama zonse zinapangana kukumba citsime, koma Kalulu anakana, nati iye amamwa mame. Madzi atapezeka, nyama zinaika mlonda kuti wokana kukumba asamwe. Kalulu anafika ndi cikho ca uci, nalawitsa mlondayo pang'ono, namuuza kuti uci wotere amadya ndi omangidwa okha. Mlonda anabvomera kumangidwa, ndipo Kalulu anamwa, nasamba, nabvundula madzi, napita. Alonda amphamvu anagwa motero mmodzi mmodzi. Potsiriza Kamba anadzipereka, nyama zonse zikumseka. Anadzola ulimbo pa cigoba cace, nakhala cete m'mphepete mwa madzi ngati mwala. Kalulu anaponda, namatirira, nagwidwa. Kamba sanapambane ndi mphamvu kapena liwiro. Anapambana cifukwa sanacoke pamalo pace, ndiponso uci sunamkope.

Pansi pa mgodi mdani wamkuru ndi madzi. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe, umene unatsegulidwa m'caka ca 1957 ndi dzina la Bancroft, uli m'gulu la migodi ya madzi ambiri koposa pa dziko lonse lapansi. Tsiku liri lonse mapampu amaturutsamo malita oposa 300,000,000, ndi kuwatumiza ku mtsinje wa Kafue. Mapampu amenewa akaima, madzi sadikira munthu. Woyang'anira mapampu amakhala pa malo amodzi shifiti yonse, namvetsera kulira kwa makina, nayang'ana muyeso wa madzi. Dzina lace silimveka m'nyimbo, ndipo tsiku limene wagwira bwino nchito yace palibe cocitika coti anthu asimbe. Koma onse okwera keji madzulo ali moyo akongola moyowo kwa iye. Malo amenewa ndi a Kamba. Ndipo kunja kwa mgodi, pamene anthu afuna msungi wa cuma ca bungwe, ca mpingo kapena ca cilimba, afune Kamba yemweyo, pakuti cigoba cace cikatsekeka palibe mau okoma amene angacitsegule.

KALULU

Nanga mwini nkhani? Kalulu akadatsika sitima potsiriza, wopanda tikiti, koma pamene zenera la ofesi litseguka akadapezeka ali patsogolo pa Njobvu, atabvala tayi wobwereka, alikuuza kalaliki kuti, "Acimwene, kodi simundikumbukira? Amai anu ndi amai anga anatunga pa citsime cimodzi."

Pali nchito zimene Kalulu sayenera kuzikhudza. Yoyamba ndi ya pansi pa mgodi. Tsiku lina Mkango unamgwira pansi pa thanthwe, ndipo Kalulu anapfuula kuti, "Agogo, thanthwe liri kugwa! Gwirani kuno, ine ndikatenge mzati!" Mkango unakweza manja nucirikiza thanthwe losagwa, Kalulu napita osabweranso. Pamoto nthanoyi imaseketsa. Pansi pa nthaka siiseketsa, cifukwa kumeneko thanthwe limagwadi. Munthu amene anamiza anzace za ngozi, kapena amene ati apita kukatenga mzati nasiya mnzace pansi pa denga loopsa, sayenera kupatsidwa nyali ndi cisoti. M'mgodi mau a munthu ndiwo mzati woyamba. Nchito yaciwiri yomletsa ndi yosunga ndalama za anthu, pakuti nthano ya citsime yanena kale za munthu wokonda kumwa pamene sanakumbe.

Kodi tsono Kalulu abwezedwe kumudzi? Iai. Makolo sakadasunga nthano zace mibadwo yonseyi akadakhala mbala cabe. Anamkonda cifukwa ndi wamng'ono wokhala pakati pa zirombo zazikuru, wopanda nyanga, wopanda mano oopsa, amene cida cace ndi mutu ndi pakamwa. Tsiku lina Njobvu ndi Mvuu anamnyoza cifukwa ca kucepa kwace. Kalulu anapangana ndi ali yense payekha kuti akokane cingwe, napereka nsonga yina kwa Njobvu kuchire, yina kwa Mvuu kumtsinje. Akuru awiriwo anakokana kufikira dzuwa litalowa, ali yense alikuganiza kuti alimbana ndi Kalulu, ndipo kuyambira tsikulo anamcitira ulemu.

Anchito a m'migodi anadziwa bwino kukhala wamng'ono pakati pa akuru. M'masiku a Northern Rhodesia migodi ya mkuwa inali m'manja mwa makampani awiri akuru, Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust, ndipo pambali pao panali Boma ndi bungwe la anchito Acizungu. M'mwezi wa May, 1935, msonkho utakwezedwa mwadzidzidzi, anchito anacita sitalaka ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti. M'caka ca 1940 ku Nkana anafa anthu 17. Mkwiyo unalipo, mphamvu zinalipo, koma panalibe pakamwa pamodzi pozindikirika polankhulira onse. M'caka ca 1949 panabadwa African Mineworkers' Union, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu, munthu amene anagwirapo nchito ya pansi pa mgodi wa Nkana. M'caka ca 1952 bungweli linaimitsa nchito masabata atatu mwa bata, mlandu nupita kwa woweruza wapakati, ndipo malipiro anakwezedwa. Cimene miyala yoponya inalephera, cinatheka ndi umodzi, kudekha ndi kudziwa kulankhula pa tebulo.

Pa tebulo lotere mpamene pali nchito ya Kalulu. Akhale wolankhulira anzace, kapena womasulira mau, kapena loya wa anthu osauka. Iye adziwa pamene wamkuru ali wofoka, adziwa nthawi yokoka ndi nthawi yoleka cingwe, ndipo saopa kubangula kwa Mkango. Koma apatsidwe nchitoyi pa mapangano atatu. Loyamba, ayambe wakumba nao citsime, kuti adziwe kulemera kwa fosholo asanalankhulire oigwira. Laciwiri, bokosi la ndalama likhale kwa Kamba, ndi makiyi ace omwe. Lacitatu, pobwera ku msonkhano afotokoze pa bwalo, pamaso pa onse, zimene wapangana ndi akuru, kuti cingwe cimene wagwira cisapezeke camangidwa m'khosi mwa amene anamtuma. Nzeru za Kalulu ziri ngati wonga: m'manja oyang'aniridwa zimatsegula thanthwe, koma zikasiyidwa zokha zimapha eni ace.

CIMENE MZERE UJA UPHUNZITSA

Poyang'ana mzere wonse, cioneka cinthu cimodzi: palibe nyama imene inasowa nchito, koma Kabawi yekha, amene sanaifune. Wocedwa anapeza malo ofuna kudekha, waliwiro malo ofuna liwiro, ndipo ngakhale wadyera anapeza malo kumene dyera lace silipweteka munthu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mgodi wa Akalulu okha okha ukadadzala madzi sabata lisanathe, monganso mgodi wa Akamba okha okha sukadaona malipiro akukwera.

Panali nthawi imene kalaliki sanali kuloledwa kuyang'ana mphatso za munthu, koma cikopa cace. Nchito zambiri za luso zinasungidwira Azungu okha, ndipo mpanda umenewo unayamba kugumuka m'zaka za m'ma 1950, dziko lisanalandire ufulu m'caka ca 1964. Kuyambira pamenepo eni migodi asintha kangapo: Boma linatenga magawo 51 mwa 100 m'caka ca 1970, kampani ya ZCCM inapangidwa mu 1982, ndipo pofika caka ca 2000 migodi yambiri inali itagulitsidwanso. Koma thanthwe silinasinthe, madzi sanasinthe, ndipo funso la pa zenera lija likali lomwelo: munthu uyu ayenera malo ati? Kuyankha poyang'ana cikopa, mtundu, cibale kapena kukoma kwa pakamwa ndiko kubwereza kulakwa kwa nyama zija zimene zinaseka Kamba ndi kuika alonda okonda uci.

Funsoli liri m'nyumba momwe. Kholo liri ndi mwana wofatsa, wocedwa kuyankha, lisafulumire kumucha wopusa, pakuti kapena ndiye Birimankhwe amene adzapulumutsa anzace. Kholo liri ndi mwana wocenjera pakamwa lisangoseka mabodza ace, koma limphunzitse kukumba citsime pamodzi ndi ena akali wamng'ono. Ndipo munthu ali yense, pobwera ku shifiti kapena ku msika, akhoza kudzifunsa yekha kuti mwa nyama zonsezi ndi iti imene inagwira nchito m'malaya ace lero, pakuti m'mtima umodzi mumagona Kalulu, Fisi ndi Kamba yemwe, ndipo amene adzuka m'mawa ndi amene mwini wace amamdyetsa.